Ndani asamale khoma la bafa la lendi?

M'nyumba ya lendi mulibe chipinda chimene chimaulula khalidwe la mwini nyumba ndi la wokhalamo ngati bafa. Pabalaza mng'alu umabisika kuseri kwa kabati kapena kalendala, koma m'bafa madzi amamenya khoma m'mawa ndi madzulo, ndipo chilichonse chimene mmisiri anachita mwaulesi kapena mwachinyengo chimaonekera dzinja limodzi lisanathe. Penti amatupa n'kusupuka, pulasitala amayoyoka munthu akangomukhudza, m'makona mumada ndi nkhungu. Wa lendi wa mu Lusaka, wa ku Chilenje, ku Matero kapena ku Mtendere, akatopa nazo amapita ku hadiweya, kaya pamsika wa Chilenje kaya ku Kamwala, kukafunsa chinthu chotchipa choti aike pakhomapo. Amafuna chotchipa chifukwa ndalama n'zochepa, komanso chifukwa khomalo si lake, ndipo pa chifukwa chachiwirichi ndi pamene pagona nkhani. Kodi munthu ali ndi udindo wosamala chinthu cha eni? Ngati ali nawo, umachokera kuti, nanga umathera pati? Ine ndikuona kuti udindowo ulipo, ndipo gwero lake ndi anthu amene amasamba m'chipindamo, a lero ndi odzabwera m'tsogolo, kaya dzina la papepala la nyumbayo ndi la yani. Chifukwa cha anthu amenewa, wa lendi sayenera kulekerera khoma, mwini nyumba sayenera kudya thukuta la mnzake, ndipo onse awiri alibe ufulu wophimba chinyontho n'kumanena kuti akonza.

Chilenje ndi malo oyenera kuganizirapo nkhaniyi, chifukwa derali linayamba ngati la anthu a lendi okhaokha. Mzinda wa Lusaka utakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, boma la atsamunda linkaona munthu wakuda ngati wongodutsa m'tauni: abwere kudzagwira ntchito, ntchito ikatha abwerere kumudzi. Nyumba za ku Chilenje, monganso za ku Matero ndi ku Kabwata, anamanga ndi a khonsolo kuti azibwereketsa antchito. Amene anasowa malo m'nyumba zimenezi anakadzimangira m'mafamu a azungu ndi m'misasa ya makampani omanga, n'chifukwa chake makomboni monga George, John Laing ndi John Howard mpaka lero amadziwika ndi mayina achilendo. Nyumba yotchuka kuposa zonse ku Chilenje, nambala 394, boma limaisunga ngati chikumbutso cha dziko chifukwa cha munthu wa lendi, Kenneth Kaunda, amene anakhalamo ndi banja lake kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962 akutsogolera chipani cha UNIP. Kenako mu 1996 boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene ankakhalamo, zina pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo a lendi adzulo anasanduka eni nyumba. Ambiri mwa iwo, kapena ana awo, ndiwo anawonjezera zipinda ndi kumanga tinyumba kuseri, ndipo ndiwo lero akutchedwa alandilodi. Mabanja ochuluka a ku Chilenje alawapo mbali zonse ziwiri, kulipira ndi kulandira, m'zaka makumi atatu zokha. Amene akukana kukonza paipi lero anakulira m'nyumba imene makolo ake ankadandaula kuti khonsolo siibwera kudzakonza.

Tikayang'anitsitsa lamulo, ngakhale mwini nyumbayo ndi wobwereka. Mu 1975 boma la Kaunda linathetsa umwini wamuyaya wa malo n'kuusandutsa lizi ya zaka 100, ndipo lamulo lomwelo linkaona nthaka yopanda kanthu ngati yopanda mtengo. Chogulitsidwa chinali chimene munthu waikapo ndi manja ake kapena ndalama zake, monga nyumba, mpanda kapena chitsime. Lamulo la malo la 1995 linabwezera nthaka mtengo wake, koma linasiya malo onse m'manja mwa Pulezidenti m'dzina la anthu a Zambia, ndipo lizi imene munthu amapatsidwa kawirikawiri sipitirira zaka 99. M'makomboni amene anavomerezedwa potsatira lamulo la nyumba la 1974, eni nyumba ambiri ali ndi chiphaso cha zaka 30 chokha. Mchewa sangadabwe nazo izi. Kumudzi munda ndi wa mbumba ndipo wogawa ndi mfumu. Mkamwini amadula mitengo, kuumba njerwa ndi kufolera nyumba pamudzi wa mkazi wake akudziwa bwino kuti banja likatha nyumbayo idzatsala. Palibe nkhoswe imene ingamumvere atamanga nyumba yodontha n'kumadziteteza kuti malowo si ake, chifukwa ogona m'nyumbamo ndi mkazi wake ndi ana ake. Buku la Levitiko, pa mutu 25, limafika patali kuposa apa: limaletsa kugulitsa malo mpaka kalekale, pa chifukwa chakuti dziko ndi la Mulungu ndipo anthu onse ndi alendo m'menemo. Chisamaliro chikanati chizidikira umwini weniweni, bwenzi mu Lusaka monse mulibe khoma losamalidwa.

Koma kusamala khoma la bafa kumafuna kudziwa zimene madzi amachita, apo ayi munthu wa mtima wabwino amangotaya ndalama. Chinyontho chimabwera m'njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake. Pali madzi owazikira pakhoma posamba, pali nthunzi ya madzi otentha imene imasowa potulukira, pali paipi yodontha m'kati mwa khoma, komanso pali madzi okwera kuchokera pansi, makamaka m'nyumba zomangidwa popanda pepala lakuda lija lotchinga chinyontho pamwamba pa maziko. Mabuloko a simenti, amene anthu ambiri mu Lusaka amamangira, amamwa madzi kwambiri, ndipo m'madera monga Kanyama, kumene thanthwe la laimu lili pafupi ndipo madzi apansi amakwera mvula ikachuluka, khoma limatha kukhala lonyowa dzinja lonse. Laimu ndiye wotchipa kuposa zonse. Salola nkhungu kumera msanga ndipo chinyontho chimatha kutulukira mwa iye, koma amachoka madzi akamamumenya tsiku ndi tsiku, choncho malo ake ndi kumtunda kumene madzi safika. Penti wa madzi wamba amaoneka bwino miyezi yoyamba, kenako amasupuka. Penti wa mafuta amatsetsereza madzi ndipo amatsukika, koma akapakidwa pakhoma lonyowa kale, kapena papulasitala watsopano amene amafuna pafupifupi mwezi wathunthu kuti aume, amatuluka matuza. Pulasitala wa simenti wambiri, wothira mankhwala otchinga madzi n'kumusalaza ndi chitsulo mpaka kuwala, anthu amamuderera chifukwa chooneka wachikale, chikhalirecho amakhala zaka zambiri pa mtengo wochepa. Matailosi ndiwo olimba, ndipo safunika khoma lonse. Kuyambira pansi kufika m'mapewa, pamalo osambirapo pokha, n'kokwanira, ndipo zidutswa za matailosi osweka zimagwira ntchito yomweyo m'manja mwa mmisiri woleza mtima, bola mipata itsekedwe bwino. Zobwera posachedwa ndi mabodi a PVC, omwe aja a siling'i, ndi mapepala odzimata okha ojambulidwa ngati matailosi. Izi zimakopa wa lendi chifukwa zimaikidwa tsiku limodzi ndipo zimabisa chilichonse chimene chili pakhomapo.

M'dziko limene Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti ndi lachikhristu, mwini nyumba ndi wa lendi nthawi zambiri amawerenga Baibulo limodzi, ndipo Baibulolo silinaiwale makoma. Levitiko yemwe uja, pa mutu 14, ali ndi malangizo amene mmisiri aliyense woona mtima angawavomereze. Pakhoma pakaoneka mawanga obiriwira kapena ofiirira olowa m'kati, mwini nyumba ndiye ayenera kukanena kwa wansembe. Katundu amatulutsidwa, nyumba imatsekedwa masiku asanu ndi awiri, ndipo mawangawo akafalikira, miyala yogwidwayo imazulidwa n'kukatayidwa kunja kwa mzinda, khoma limapalidwa, kenako ndi pamene amaika miyala ina ndi kumatanso. Nthendayo ikabwereranso, nyumba imagwetsedwa. Munthu safunika kugwirizana ndi zonse zimene Aisiraeli ankakhulupirira pa za kudetsedwa kuti aone nzeru ya ndondomekoyi. Amayamba ndi kuona, kenako kuchotsa chovunda, ndipo kumata kumabwera pomaliza. Tionenso kuti nkhungu ya pakhoma inaikidwa m'manja mwa wansembe, munthu yemweyo wopereka nsembe, kusonyeza kuti chipembedzo chimenecho sichinkaona thanzi la m'nyumba ngati nkhani yonyozeka yosayenera Mulungu. Mneneri Ezekieli, pa mutu 13, anafanizira aneneri onama ndi anthu opaka njereza pakhoma losalimba limene mvula ndi mphepo zidzaligwetse, ndipo mlandu wawo unali wonamiza anthu kuti khomalo ndi lodalirika. Mwini nyumba amene amapaka penti msangamsanga pakhoma lonyowa kutatsala masiku awiri kuti anthu abwere kudzaona nyumba akuchita chimodzimodzi. Wa lendi amene amakhomera mabodi pamwamba pa paipi yodontha kuti alendo ake asaone naye ali m'gulu lomwelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kuseri kwa bodi madzi akupitiriza kudya pulasitala, timitengo tokhomerapo tikuwola, mphemvu zikuswana, ndipo wodzalipira ndi munthu amene panalibe pamene zinkachitika.

Wina adzati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wa lendi lero ali pano, mawa wamaliza kumanga papuloti yake ku Chalala kapena ntchito yamusamutsira ku Kitwe, ndiye adzivutitsirenji? Mwambiwo makolo anaupereka kwa eni mudzi kuti azipirira mlendo ndi kumuchereza. Sanaupereke kwa mlendo kuti azidzikhululukira nawo posiya nyansi. Komanso a lendi ambiri a mu Lusaka sakamuka msanga chotero. Alipo amene analowa m'nyumba ali ndi khanda, khandalo n'kudzalemba mayeso a Giredi 12 likusambabe m'bafa lomwelo, makolo akunenabe kuti chaka chamawa tikusamuka. Anthu a ku Yuda amene anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo anali ndi maganizo omwewa, ndipo mneneri Hananiya analonjeza kuti zaka ziwiri zisanathe abwerera kwawo. Yeremiya, m'kalata yake ya pa mutu 29, anawauza zosiyana. Anawalangiza kumanga nyumba, kulima, kukwatira ndi kufunira zabwino mzinda wa eniwo, popeza ubwino wawo unali womangirizika ku ubwino wa mzindawo. Sanawauze kuti Babulo wasanduka kwawo, ndipo lonjezo lobwerera silinafafanizidwe. Chimene anakana n'chakuti zaka za kudikira zitayike ngati kuti sizili m'gulu la zaka za moyo. Mwana amene akutsokomola chifukwa cha nkhungu, gogo amene angaterereke pa ndere, mayi amene wangochira kumene ndipo akufuna malo aukhondo osambirapo, onsewa akukhala moyo wawo weniweni lero lino, ngakhale nyumba ya ku Chalala ikadali pamaziko.

Chitsutso cholemera ndi china, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Wa lendi akaika matailosi ndi ndalama zake, nyumba imakwera mtengo. Mwezi wotsatira alandilodi amakweza lendi, kapena amapereka notisi ponena kuti mwana wawo akufuna kulowamo, n'kuikamo munthu wina wolipira zambiri. Wokonzayo walipira kawiri, pogula matailosi ndi pokwezeredwa lendi, ndipo amene zinamuchitikirapo sangamverenso ulaliki wa kusamala za eni. Mkwiyo wake ndi womveka. Vutoli si la Lusaka yekha. Ku Ireland m'zaka za m'ma 1800 alimi obwereka minda ankaopa kukumba ngalande kapena kumanga khola labwino chifukwa eni malo ankakweza lendi kapena kuwathamangitsa osawabwezera kanthu. Mu 1870, nduna yaikulu ili William Gladstone, nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo lakuti mlimi wochoka pamalo azilipidwa pa zimene anakonza. Kumene thukuta silibwezedwa anthu amasiya kukonza, ndipo chinthucho chimawonongeka onse awiri akuyang'ana. Motero chitsutsochi chikuloza mwini nyumba, kuti achite chilungamo, ndipo sichikumasula wokhalamo kuti apinde manja. Lamulo la lendi la Zambia la 1972 limaika pa mwini nyumba udindo wosunga nyumba yolimba ndi yoyenera kukhalamo munthu, pokhapokha atagwirizana mwina. Paipi yodontha, denga, maziko ndi pulasitala wovunda ndi zake. Kutsuka, kutsegula zenera, kupaka laimu ndi kunena msanga pakaoneka vuto ndi za wokhalamo. Chimene chili pakati, monga matailosi amene adzatsale wa lendi atachoka, chiyenera kukambidwa ntchito isanayambe: mtengo wake ulembedwe, malisiti asungidwe, ndalamazo zizidulidwa ku lendi pang'onopang'ono, ndipo pakhale nthawi yogwirizana imene lendi siikwera.

Anthu ena amaona kulemberana ngati kusakhulupirirana, makamaka pamene alandilodi ndi mayi wachikulire amene wa lendi amamutcha amayi, amapemphera naye mpingo umodzi, ndipo ana a nyumba ziwirizi amadyera mbale imodzi. Ine ndikuona kuti pepala ndilo limateteza ubale umenewu. Amayiwo akadzamwalira, ana awo kapena woyang'anira chuma cha masiye sadzadziwa zimene zinanenedwa pakhonde, ndipo maliro asanaiwalike mkangano wayamba. Tisaiwalenso kuti eni nyumba ambiri a ku Chilenje si anthu olemera. Ndi opuma pantchito ndi amayi amasiye amene lendi ya kanyumba ka kuseri ndiyo penshoni yawo, mankhwala a shuga ndi fizi ya adzukulu. Kumuuza munthu wotere kuti agule makatoni a matailosi mwezi umodzi n'kumuuza kuti agone ndi njala. Kudula pang'onopang'ono kumamupatsa bafa labwino popanda kukongola katapila, ndipo ndalama za wa lendi zimabwerera mwezi ndi mwezi. Nawonso eni nyumba ali ndi madandaulo oona. Wina anaitana mmisiri wotchipa osapempha, mmisiriyo n'kuboola paipi ndi msomali. Wina anamata mapepala ndi guluu amene pochotsa anachoka ndi pulasitala yemwe. Winanso anaona dontho kwa miyezi yambiri osanena poopa kukwezeredwa lendi, mpaka khoma la chipinda chogona linavunda. N'chifukwa chake kupempha chilolezo n'kofunika ndithu. Yesu, mu Luka 16, anayesa kukhulupirika kwa munthu poona mmene amasungira zinthu za wina, ndipo wosunga chinthu cha mnzake sachisintha mwiniwake osadziwa, ngakhale cholinga chitakhala chabwino.

Palinso amene anganene kuti kukamba za matailosi ndi penti n'kwa anthu okhuta, pamene ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George mabanja ambiri amasamba kuseri kwa masaka ndi malata akale, kapena m'chimbudzi chokumba momwemo. Mawuwa ali ndi choonadi, ndipo tisanamizane, khoma losalala siliteteza munthu ku kolera. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017, ndiponso waukulu uja wa 2023 mpaka 2024 umene unachititsa boma kusandutsa bwalo la National Heroes kukhala chipatala ndi kuchedwetsa kutsegulira masukulu, unayenda ndi madzi akumwa oipitsidwa ndi zimbudzi zosefukira m'zitsime zosaya. Zimenezo zimafuna mapaipi, ngalande ndi kupopa zimbudzi, ntchito za khonsolo ndi kampani ya madzi zimene wa lendi sangazikwanitse. Komabe munthu akayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza pakhomo, malo amene amamusambitsirapo ayenera kutsukidwa ndi madzi a kolorini, ndipo simenti wosalala amatsukika pamene buloko losamata, saka kapena dothi zimangomwa. Thumba limodzi kapena awiri a simenti, pansi ndi m'munsi mwa khoma, pamodzi ndi ngalande yaing'ono yotulutsira madzi kutali ndi chitsime, n'zinthu zimene wosauka amazifuna kuposa wolemera. Ndipo wopemphera amene amati za pansi pano n'zakutha, tisamale mzimu basi, awerenge Deuteronomo 23. Kumeneko ngakhale asilikali a pamsasa, anthu ogona m'mahema amene mawa akusamuka, analamulidwa kukhala ndi malo apadera kunja kwa msasa ndi chokumbira chokwirira zonyansa, ndipo chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti Mulungu amayenda pakati pawo. Ngati msasa wa masiku ochepa unayenera ukhondo wotere, nyumba imene banja likhalemo zaka zisanu siingapatulidwe.

Kutchipa kwa chinthu kumadziwika munthu akagawa mtengo wake ndi zaka zimene chikhale, n'kufunsanso kuti chikawonongeka adzalipire ndani. Mapepala odzimata okha ndi otsika mtengo pa tsiku logula, koma nthunzi imawamatula m'mbali, madzi amalowa kuseri, ndipo posakhalitsa munthu wabwereranso kusitolo. Mabanja ambiri mu Lusaka amasamba ndi ndowa kapena beseni, mwina chifukwa madzi m'mipope amabwera mwa apo ndi apo, mwina chifukwa magetsi otenthetsera madzi azima, ndipo kusamba kotere kumanyowetsa kwambiri pansi ndi m'munsi mwa khoma. Ndalama zochepa ziyenera kupita kumeneko, makamaka pamene khoma lakumana ndi pansi, pamene madzi amakonda kuima, m'malo mokongoletsa kumtunda kumene maso amayamba kuona. Njerwa ya mabowo kapena kazenera kotseguka kamaletsa nkhungu kuposa penti wodula. Mabodi a PVC sindikuwakana kotheratu. Pakhoma louma, kwa munthu amene akudziwa kuti akhala chaka chimodzi kapena ziwiri ndipo mwini nyumba wakana kudula ku lendi koma walola kukhomera, ndi njira yachilungamo. Amatsukika, ndipo wowagula akhoza kuwamasula n'kupita nawo, atatseka mabowo amene wasiya. Zonse zimadalira mmene khoma linalili tsiku lokhomera, ndipo njira yodziwira ndi yosavuta: kumata kapepala ka pulasitiki pakhomapo ndi tepi mbali zonse, n'kukasiya tsiku limodzi kapena awiri. Kuseri kwake kukachita thukuta, ndiye kuti madzi akuchokera m'kati mwa khoma, ndipo woyenera kuitanidwa pamenepo ndi pulambala kapena mmisiri wa zomanga. Chophimba cha mtundu uliwonse chidikire.

M'midadada, mmene zitseko zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimasambira bafa limodzi, nkhaniyi imavuta kwambiri. Woganiza mozama wakale Aristotle, potsutsa ganizo la woganiza mnzake Plato lakuti zinthu zikhale za onse, anaona kalekale kuti chinthu cha anthu ambiri ndicho chimasamalidwa pang'ono, chifukwa aliyense amayembekeza kuti wina achita. Amene anaonapo bafa la mdadada m'mwezi wa Febuluwale sangamutsutse. Koma zimene anaonazo sizikutikakamiza kunena kuti chisamaliro chimabwera ndi umwini wokha. Zikungosonyeza kuti ntchito imene sinapatsidwe munthu wodziwika siigwiridwa. Amayi a m'midadada anazindikira izi kale, n'chifukwa chake amagawana masiku otsuka, ndipo tsiku la banja lililonse limadziwika. Anthu omwewa amayendetsa chilimba mwezi ndi mwezi popanda loya, motero kusonkherana thumba la simenti ndi ndowa ya laimu sikungawakanike. Chosayenera kuchitika n'chakuti msonkhamsonkha wa a lendi usanduke pothawira mwini nyumba amene akulandira ndalama kuchokera ku zitseko zonsezo. Iye ndiye akupindula kwambiri, ndipo gawo lake liyenera kukhala lalikulu. Apa mipingo ikhoza kuthandiza kuposa mmene ikuchitira. M'miphakati ya Akatolika ndi m'magulu a m'madera a Reformed Church in Zambia, United Church of Zambia kapena Adventist, eni nyumba ndi a lendi amakhala pabenchi imodzi sabata ndi sabata. Mkulu wa mpingo amene amayanjanitsa mabanja akhoza kukhalanso mboni ya pangano la matailosi, ndipo ulaliki umene umadzudzula wa lendi wosalipira uyenera kudzudzulanso mwini nyumba amene wakhala akulandira ndalama za bafa lovunda zaka ndi zaka.

Nanga mwini nyumba akakana zonse, kukonza paipi ayi, kudula ku lendi ayi, kulemberana ayi? Apa ndi pamene udindo wa munthu wa lendi umathera. Chikumbumtima kapena Malemba sizimukakamiza kupereka mphatso ya matailosi kwa munthu amene wasonyeza kale kuti sadzabweza, makamaka ngati ndalamazo ndi za chakudya cha ana. Chimene chamutsalira n'chochepa, koma ndi chake ndithu: kupala nkhungu, kutsuka ndi Jik, kubwereza laimu akatha, kusiya chitseko chotsegula akamaliza kusamba, ndi kutumiza uthenga wa pafoni, pamodzi ndi zithunzi, nthawi iliyonse vuto likakula. Nyumba ikafika poika moyo pachiswe, oyang'anira zaumoyo a khonsolo ya Lusaka ali ndi mphamvu yoiyendera ndi kulamula mwini wake kuti akonze, ngakhale ambiri amaopa njira imeneyi poganiza kuti notisi ifika msanga kuposa woyendera. Ndiye pali tsiku limene ejenti adzabwere ndi banja lina kudzaona nyumbayo, khoma litapakidwa penti dzulo lake. Mayi wa banjalo akamutengera pambali wotulukayo n'kufunsa kuti, "Amayi, nanga bafali limakhala bwanji m'dzinja?", wotulukayo ayenera kuyankha zoona, n'kumuonetsa pamene paipi imadontha. Yankho limenelo likhoza kumutayitsa dipoziti, chifukwa alandilodi okwiya sasowa chifukwa chogwirira ndalama. N'chifukwa chake zithunzi za tsiku lolowa, malisiti ndi mauthenga onse aja ayenera kusungidwa mpaka makiyi atabwezedwa ndipo dipoziti italowa m'manja.